A Namakhwa, Amene Anakapempha Eni Manja

Lero chakwana chaka chiwaikireni a Namakhwa m'manda. Palibe amene wawiritsa thobwa, palibe amene wagula ngakhale thumba limodzi la simenti ya chiliza. Ndakumbukira ndine ndekha, n'chifukwa chake ndatseka shopu masana ano n'kukhala pansi ndi cholembera. Inu amene mumandidziwa mukuti wayambapo uja. Ayi. Zimene ndilembe pano ndi zoona zokhazokha, ndipo amene akukayika abwere ku Nkhamenya, ndimuonetse malo ake.

Ntchito yanga ndi yoika nyimbo m'makhadi a foni. A Namakhwa ankati imeneyi si ntchito koma kuba kokhala ndi denga, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu sananditchulepo dzina langa lenileni. Ndinali a Makhadi. Akamadutsa pa shopu panga ankayimika njinga n'kufunsa kuti lero ndabera angati. Ndikawayankha, ankapukusa mutu, n'kundipatsa foni yawo kuti nditchaje mwaulere.

Anali munthu wowonda. Mphepo ya mu Julayi ikayamba, ija yowomba m'chigwa muno popanda phiri loitchinga, ankaika miyala m'matumba a jekete. Iwo ankati ndi yogendera agalu. Ine ndinawaona tsiku lina ataiwala miyalayo, ndipo anafika ku msika asanapalase.

Anabadwira pa esiteti, m'chigafa, pansi pa fodya wopachikidwa. Makolo awo anali matenanti ochokera ku Phalombe, anabwera pa lole ndi mphasa imodzi ndi poto, akuti adzalime nyengo ziwiri n'kubwerera. Sanabwerere. Mwana uja anakula akusoka fodya, kenaka anakhala wosankha, amene amayang'ana tsamba n'kunena giledi yake. Nyimbo anaziphunzira pa kiyibodi ya kutchalitchi, ndipo pamene bwana wa esiteti anamanga shedi yatsopano, a Namakhwa anapempha yakaleyo. Anakhoma ziguduli za mabelo m'makoma monse kuti mawu asabwerere, anagula kompyuta yakale kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, n'kulemba pachitseko ndi makala kuti situdiyo. Ankagonanso momwemo. Kompyutayo inali yochedwa moti ankaiyatsa, n'kupita kukathirira nazale, n'kubwera isanamalize kudzuka. Izi sindinamve kwa munthu, ndinaperekeza.

Ankajambula m'mawa wokhawokha, mame asanaume. Ankati mawu a munthu ndi fodya n'chimodzimodzi, ukawagwira dzuwa litakwera amafumbutuka. Kwaya yofika naini koloko inkabwezedwa, ngakhale itayenda pansi kuchokera ku Simlemba. Oyimba ankawasankha ngati masamba: awa ndi abwino aime kutsogolo, awa apakati, awa ndi sikirapu aime kukhomo agwire zikwama. Abusa ena anaikidwa kukhomo. Khutu lawo linali loopsa. Tsiku lina anaimitsa nyimbo pakati n'kunena kuti mwalowa mbuzi yotsokomola. Ife sitinamve kanthu. Iwo anatchula ndi mwini mbuziyo yemwe, ndipo inafa Lachinayi.

Koma chuma chawo chinali chimodzi: biti, kamvekedwe koyimbirapo nyimbo, imene anthu ankaitcha Jeke.

Kwa amene simunakhalepo pa esiteti, jeke ndi chipangizo chodindira fodya kuti akhale belo. Munthu amazunguza chitsulo, chimalira, fodya amaphwanyika pansi pake, kenaka thabwa limagunda. Zaka zoposa makumi awiri zapitazo, a Namakhwa anaika tepi pafupi ndi jeke pamene a Bizaliele, mkulu wodinda, ankagwira ntchito. Anaitana amayi anayi a m'shedi yosankhira kuti awombe m'manja motsatira kulirako. Pambuyo pake anaikapo kiyibodi pang'ono ndi besi. Basi. Koma chinthucho chikalira, munthu sukhala pansi. Ndinaona agogo ena a ndodo ataiponya ndodoyo, ndipo mpaka lero sinapezeke.

Biti imeneyi sankaigulitsa, ankaibwereketsa. Kwaya ikafuna kuyimbirapo, inkabweretsa nkhuku, kapena ndowa ya chimanga, kapena kandalama, n'kujambula nyimbo yake. Mawa kwaya ina inkabwera n'kuyimbira pomwepo mawu ena. Achikatolika anayimbirapo, a mpingo wathu anayimbirapo, ochenjeza za kolera anayimbirapo, mnyamata wina anafunsirirapo mkazi n'kukanidwa. Palibe amene ankadandaula. A Namakhwa ankati mwana wa tenanti ndiye amadziwa bwino kusiyana kwa kubwereka ndi kukhala nacho, ndipo iwo chinthu chokhacho chimene ali nacho pansi pano sangachitulutse m'manja.

Ananena choncho esiteti isanagulitsidwe.

Bwana wakale atamwalira, ana ake a kutauni anagulitsa malo onse kwa munthu wolima soya ndi mathirakitala. Soya wa thirakitala safuna tenanti. Kumayambiriro kwa Ogasiti kunabwera kalata yoti pofika kumapeto kwa Seputembala aliyense akhale atachoka. Matenanti ena anakwera malole kupita ku maesiteti ena, ena anabwerera kwawo. A Namakhwa anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri ndipo kwawo kunalibe.

Ndikuti kunalibe chifukwa ndinakuona. Akazi awo atamwalira, zaka zisanu m'mbuyomo, tinanyamula maliro mpaka ku Phalombe, kumudzi kwa mayiwo. Tinalandiridwa bwino, tinaika bwino. Atatha maliro a Namakhwa anati akaone kumudzi kwa mayi awo owabereka, paja n'kufupi. Ndinawaperekeza. Tinapeza mayi wina wachitsikana akusenda chinangwa. A Namakhwa anagwada, anatchula dzina la mayi awo, la agogo awo, la malume awo. Mayiyo anamvetsera mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Ndiye mukufuna ndani?" Tinamwa madzi n'kunyamuka. M'basi, titafika pa Dedza, anangondifunsa ngati ndili ndi chenje cha mbatata.

Ndiye kalata ija itabwera, mkuluyo anayamba kuyenda m'tiledingi senta ngati nkhuku yofuna poikira. Anapeza puloti kuseri kwa chigayo, mapazi makumi awiri uku, makumi atatu uku, pali chulu pakona. Mwini wake anatchula mtengo. A Namakhwa akanagulitsa kompyuta, kiyibodi, njinga, jekete ndi miyala yomwe, sakanafika ngakhale pa chulupo.

Pamenepo ndi pamene panafika galimoto yoyera ya ku Lilongwe.

Woyimba wake sindimutchula, nonse muli naye m'mafoni, ena ndinakuikirani ndine. Iye sanatsike n'komwe, anakhala m'galimoto ndi magalasi akuda. Anatsika ndi manijala wake, mnyamata wonenepa bwino, wa nsapato zoyera moti fumbi la kuno linkachita manyazi kumuterapo. Anali atamva Jeke pa ukwati wina ku boma. Anafunsa pa shopu panga, ine ndinawatsogolera ku shedi.

"Madala, biti yanuyi ndi moto," anatero manijala. "Tikuifuna. Koma tikufuna ekisikulusivu."

"Ameneyo ndi feteleza wobereketsa kapena wokulitsa?" anafunsa a Namakhwa.

Mnyamatayo anaseka, n'kutulutsa mapepala atatu a Chingerezi. Ndinawerenga ndine, ndikumasulira. Tanthauzo lake linali ili: akalandira ndalama, biti ikhala ya woyimbayo yekha mpaka kalekale. Sadzabwereketsanso kwa kwaya iliyonse. Adzaifufuta mu kompyuta. Nyimbo zakale zimene zinayimbidwa pamenepo zisatumizidwenso ku wailesi. Nditafika pa mtengo ndinawerenga kawiri, chifukwa ndinkayesa kuti ziro mmodzi ndi chitosi cha ntchentche. Inali ndalama yogula puloti ija, njerwa, ndi malata khumi ndi awiri.

Ndinayang'ana a Namakhwa. 

"Pepani bwana," anatero. "Ndiyenera kukafunsa kaye eni ake."

"Eni ake ati? Si yanu?"

"Kiyibodi ndi yanga. Jeke ndi wa a Bizaliele. Manja ndi a amayi anayi."

Manijala anandiyang'ana ngati akufunsa kuti mkuluyu amamwa chiyani. Anati iwo akulowa mu situdiyo sabata yamawa, ndiye atipatsa mpaka Lachisanu linalo. Linali Lachisanu. Masiku asanu ndi awiri.

Galimoto itapita tinakangana, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiwakwezere mawu.

"Abambo, sainani lero! Amayiwo anangowomba m'manja. Mphindi zitatu!"

"Ndipo mayi anga anangosoka fodya."

"Zikugwirizana pati?"

Anandiuza. Anati moyo wawo wonse akhala akuona mabelo akukwera lole kupita ku okushoni, ndipo pa belo lililonse pamalembedwa dzina la bwana. Manja amene anabzala, anathyola, anasoka, anasankha, palibe amene anawafunsapo ngati mtengo uli bwino. Anati iwo akalemba dzina lawo lokha pa pepalalo, ndiye kuti asanduka bwana, pa ukalamba, chifukwa cha malata khumi ndi awiri. Anawonjezera kuti ngakhale munda wa makolo munthu sagulitsa yekha, amaitana onse amene ali ndi mawu, aliyense avomere ndi pakamwa pake.

"Ndiye aimbireni foni."

"Muli ndi manambala awo?"

Ndinalibe. Iwonso analibe. Ndipo anati nkhani ngati imeneyi ngakhale nambala ikanakhalapo, munthu safunsa ataimirira, amagwada. Ndinati ndiwalipirire njinga yamoto. Anakana, akuti sakufuna kuyendera ndalama za makhadi. Ndinawatukwana mumtima, ndipo pang'ono pakamwa.

M'mawa mwake anang'amba pepala pakati pa kope, anamanga botolo la madzi pa kaliyala, n'kunyamuka.

Za ulendowo anandifotokozera okha pambuyo pake, ndipo zina anandiuza anthu a kumeneko pa maliro awo, moti mboni zilipo. Mayi woyamba sanavute, anali akadali pa esiteti pomwepo akumanga katundu. Anavomera, n'kupempha chitenje. A Namakhwa anathyola cholembera, anapaka inki pa chala chachikulu cha mayiyo, n'kudinda pa pepala, monga matenanti amadindira m'buku la bwana. A Bizaliele anali atamwalira kale, ndiye anapalasa mpaka ku Simlemba kukapeza mwana wa mlongo wawo. Iye anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati malume ake anachita phokoso laulere moyo wawo wonse, ngati papezeka wolilipira, gulitsani asanazindikire. Anadinda. Mayi wachiwiri anali chakomweko, koma analowa mpingo woletsa zovina, ndipo poyamba anakana kuti sanawombepo m'manja chibadwire. Anadinda kuseri kwa nkhokwe amuna ake atapita kudimba. Wachitatu anamupeza ku Wimbe Lachiwiri madzulo. Apo n'kuti tayala lakumbuyo litaphulika kanayi, ndipo m'malo mwa chubu anali atalongamo udzu.

Zala zinayi, Lachiwiri. Akanatembenuka pamenepo, Lachinayi akanakhala ali pa shopu panga.

Anatsala aNachisale.

Apa ndibwerere m'mbuyo. Tsiku lojambula lija, zaka makumi awiri zapitazo, amayi atatu ankawomba pamodzi koma aNachisale ankachedwa pang'ono, kachidutswa chabe, ngati munthu amene akuganiza kaye. A Namakhwa anabwereza kasanu, mayiyo osasintha. Anakwiya n'kuwatcha sikirapu pamaso pa shedi yonse. ANachisale anavula duku, analikutumula, n'kunena kuti munthu amene akulamula anzake m'shedi ya eni ake ali ngati tambala wa pa msika, akulira ali m'dengu. Kuyambira tsiku limenelo sanapatsanenso moni. Koma tepi inali itatha, kunalibe ina, ndiye a Namakhwa anagwiritsa ntchito yomweyo. Patapita zaka ndi pamene anandiululira, atandilumbiritsa, kuti chimene chimavinitsa anthu mu Jeke si kiyibodi yawo ayi, ndi dzanja lochedwalo. Atatu aja amakuuza poponda. Lochedwalo ndi limene limakukankha m'chiuno.

Ndiye akanawasiya bwanji?

Vuto ndi loti Ogasiti ndi mwezi umene matenanti amasamuka. Fodya wagulitsidwa, bwana wawerengera, aliyense akufuna kumene amva kuti kuli bwino. A Namakhwa ankafika pa esiteti n'kuuzidwa kuti anali pano chaka chatha, pitani kwa uje. Kwa uje ankati anachoka sabata yapita ndi mdzukulu wawo. Foni yawo inazima Lachitatu. Anagona m'zigafa zopanda fodya, anadya mbatata zowapatsa anthu, ndipo pena njinga ankaikwera, pena inkawakwera.

Ine kuno ndinali pa moto. Manijala ankaimba m'mawa ndi masana.

"Mani, madala aja ali kuti?"

"Ali m'njira, bwana."

"Njira yake yochokera ku Joni?"

Lachitatu manijala anati woyimba wayamba kutaya mtima, akufuna ayambe kuyesererapo mawu, ndiye ndimutumizireko biti yopanda oyimba kuti asapite kwina. Makiyi a shedi anali ndi ine. Ndinaganiza za malata khumi ndi awiri aja. Ndinayatsa kompyuta, ndinadikira mpaka ndevu zinamera, ndinakopera bitiyo mu khadi, n'kutumiza. Zimenezi ndinachita ndine, palibe amene anandigwira dzanja. Lachinayi foni sinalire. Lachisanu ndinaimba ndine, osayankhidwa.

A Namakhwa anawapeza aNachisale Loweruka masana, pa esiteti ina kuseri kwa Wimbe, atakhala pa mphasa kunja kwa kanyumba ka udzu. Anali atadwala matenda oumitsa ziwalo. Mkono wamanja unali utapindika pachifuwa, zala zitafumbata.

"Ndani uyo akukoka njinga ngati mbuzi yokana kumsika?"

"Ndine Namakhwa, mayi."

ANachisale anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Sikirapu wabwera kudzaona sikirapu mnzake?"

A Namakhwa anagwada pa fumbi n'kufotokoza zonse, za esiteti, za puloti, za galimoto yoyera. Anatulutsa pepala la zala zinayi.

"Mwapalasa masiku angati?"

"Lero lachisanu ndi chitatu."

"Kudzandifunsa ine zimenezi?"

"Manja ndi anu."

ANachisale ananyamula dzanja lakufalo ndi linzake n'kuliika pa bondo. "Awa? Supuni yomwe akuikana. Gulitsani, bambo. Akafuna ndi zala zomwe abwere ndi mpeni." Anadinda ndi chala chakumanzere. Kenaka anafunsa kuti ogulawo anati adikira mpaka liti.

"Lachisanu."

"Likubwerali?"

"Ladzulo."

Mkamwini wa pakhomopo, amene anaona zonsezi, akuti agogowo anatukwana kwa mphindi makumi awiri osabwereza liwu. Anati anaonapo zitsiru pa maesiteti asanu ndi anayi koma ichi n'chofunika kuchidinda belo lakelake. Anati munthu wopanda pogona akuyenda dziko lonse kupempha chilolezo kwa nkhalamba yopanda dzanja. Atatopa anayamba kulira, a Namakhwa ali chigwadire. Kenaka anapukuta m'maso n'kunena kuti popeza mwabwera, ndimvetseniko chinthucho, sindinachimvepo bwinobwino. Foni inali yozima. A Namakhwa anayamba kulira ngati jeke ndi pakamwa, akuwomba m'manja m'malo mwa amayi atatu aja. ANachisale anamenya ntchafu ndi dzanja lamanzere.

"Mwachedwanso," anatero a Namakhwa.

"Ndikudziwa," anayankha.

Anafika pa shopu panga Lolemba dzuwa likupendeka, ofiira ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, milomo itang'ambika. Sanakhale pansi. Anayala pepala pa kauntala, zala zisanu, n'kunena kuti, "A Makhadi, imbani." Ndinaimbira manijala ndi nambala ya mkazi wanga kuti ayankhe. Anayankha.

"Aaa madala, mwachedwa. Tinapeza njira ina. Mfana wathu wa kuno wapanga yake."

"Yake yotani?"

"Yakeyake, madala. Si yanu. Khalani bwino."

Patapita masabata atatu tinaimva mu minibasi. Jeke wa mu kompyuta, manja a mu kompyuta, mayendedwe omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. A Namakhwa anamvetsera yonse maso ali pawindo. Itatha anati onse akuwomba nthawi imodzi ngati asilikali, mulibe munthu m'menemo. Titatsika anandifunsa osandiyang'ana:

"Munawatumizira yonse kapena theka?"

Ndinali ndisanawauzepo kanthu. Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji.

"Yonse, abambo."

"N'chifukwa chake ndi kumapeto komwe akhoza," anatero. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka kufa. Ndikanakonda akanandimenya ndi pampu.

Ndikanafuna ndilembe kuti mkuluyo anayenda mutu uli m'mwamba, osadandaula, kuti mugone bwino. Sizinali choncho. Seputembala atatha, anyamata a mwini watsopano anatulutsa katundu wawo m'shedi n'kumuunjika panja. Ndinawatengera m'kachipinda kosungiramo makatoni kuseri kwa shopu yanga, kamene munthu akagona mapazi amakhala akulandira alendo pakhomo. Kumeneko ndinkawamva akuimbira manijala uja. Koyamba anati apereka biti yeniyeni pa theka la mtengo. Kachiwiri pa theka la thekalo. Kachitatu anati atenge ulere, bola pa wailesi azitchula mayina asanu ndi limodzi, ndipo anayamba kuwatchula mmodzimmodzi. Foni inali itadulidwa kale pa dzina lachiwiri, koma anamaliza onse.

Tinapita ku boma kwa munthu wina wodziwa malamulo. Anamvetsera nyimbo ziwirizo, anati mlandu ulipo, koma ndi wautali ndipo umadya. Anafunsa ngati pali pepala losonyeza kuti biti ndi yawo. A Namakhwa anatulutsa la zala zisanu lija. Bamboyo analitembenuza uku ndi uku, n'kulibweza ndi manja awiri.

Chimene chinawamaliza si manijala. Kwaya ina ya amayi, imene inayimbira pa Jeke kwa zaka khumi, inakayimba pa msonkhano ku boma, ndipo achinyamata anaikuwiza kuti yaba nyimbo ya pa wailesi n'kuikamo Yesu. Nkhaniyo inafalikira. Makwaya anasiya kubwera. Mmodzi wa atsogoleri awo anafika pa shopu, chipewa chili m'manja, kudzafunsa ngati a Namakhwa alibe biti ina, yawoyawo, yosakopera. Mkuluyo anali kuseri kwa katani. Anamva.

M'mawa wina ndinawapeza atakhala pa katoni, kompyuta yosayatsa.

"Ndikanangosaina, a Makhadi," anatero.

Anapukuta fumbi pa kompyutayo ndi chikhatho.

"Lachisanu lomwe lija. Bwenzi pano ndikufolera."

Kenaka anapukusa mutu n'kunena kuti ayi, aNachisale akanamva kwa anthu. Tsiku lotsatira ananenanso zoti akanangosaina. Choncho mpaka mvula inagwa. Amene akufuna kudziwa kuti potsiriza anaima pati, ine sindikudziwa, ndipo ndinali nawo tsiku lililonse.

Chifuwa chinawayamba mu Januwale, kachipinda kaja kankadontha. Anagona kuchipatala masiku anayi. Atamwalira tinakagwada kwa eni mudzi, ndipo anatikomera mtima, anatipatsa malo kumapeto kwa manda, kumene amaika alendo. Munthu wobadwira mtunda wa ola limodzi kuchokera pamenepo. Kwaya inayimba popanda chida chilichonse. Pepala lija tinawaikira m'thumba la jekete, chifukwa panalibe amene ankadziwa kuti ndi la ndani tsopano.

Shedi ija anaigwetsa. Njerwa anatenga, malata anatenga, patsala simenti yapansi yokha pakati pa soya, ndipo thirakitala imaizungulira.

Puloti ya kuseri kwa chigayo inagulidwa mu Novembala ndi munthu wa ku Joni amene sanaionepo, anangotumiza ndalama kwa mlongo wake. Anamanga mpanda wa njerwa wautali kuposa ine, anaika geti yachitsulo ndi loko wamkulu ngati papaya. Ndadutsako m'mawa uno n'kusuzumira pa mpata wa geti. Akuti mwini wake adzamanga akadzabwera, koma mlongo wakeyo akuti sakudziwa kuti ndi liti. M'katimo muli udzu wofika m'chiuno ndi chulu pakona. Mbuzi sizilowamo, ana salowamo, ndipo chimangireni mpandawo palibe munthu amene wagonamo ngakhale tsiku limodzi.